Munandikaniza Hawa tsiku loika mayi ake

Inu a sukulu yogonera komweko ya atsikana kuno ku Mangochi, dzina sinditchula koma mukudzidziwa. Mwandilakwira, ndipo ndikufuna yankho.

Lachiwiri m'mawa mlongo wanga Patuma anatisiya kuchipatala. Tinabadwa awiri basi, ine ndi iye. Uthenga unandipeza ndili ku Nkhudzi ndikugula usipa. Ife Asilamu sitigoneka maliro, ndipo a shehe anati tiika ikangotha swala, pemphero la masana. Mtembo unanyamuka kupita kumudzi, kufupi ndi Makokola. Ine ndinakwera njinga yamoto kukatenga mwana wa malemuyo, Hawa, wa Fomu 2, kuti tikaone limodzi nkhope ya mayi ake asanawakulunge m'nsanda. Ndinkafuna chokhacho.

Ndinafika cha m'ma 9 koloko. Ahedi kulibe, ati ali kumsonkhano ku Liwonde, foni athimitsa. Mayi wa mu ofesi anatulutsa pangano la sukulu ndi makolo n'kundilozera ndi cholembera: mwana amatengedwa ndi kholo limene linasayina.

"Amayi, amene anasayinawo ndi amene amwalirawo," ndinatero.

"Pepani bambo. Nanga inu ndinu ndani wake?"

"Malume ake."

"Apa sipanalembedwe malume."

Sipanalembedwe malume? Kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndi mwana wako. Ndikamabwera ndi sopo ndi usipa wouma mwezi ndi mwezi, mlonda amanditsegulira geti akumwetulira, aphunzitsi n'kumandipempha nsomba. Tsiku limeneli ndiye ndinasanduka mlendo?

Anati dzina lina pa panganolo ndi la bambo ake, ndiwaimbire. Bambo akewo analowera ku Joni Hawa akuyamwa, nambala yawo inasiya kugwira kalekale. Ndinaimbabe pamaso pawo kuti adzimvere okha. Kenako anati ndibwere ndi kalata ya kuchipatala yotsimikiza imfa. Ndinathamanga, ndinachonderera anamwino, ndinabwera nayo. Wachiwiri kwa ahedi anaiwerenga mosathamanga n'kunena kuti ikusonyezadi kuti munthu wamwalira, koma sikunena kuti woyang'anira mwana ndine. Ndidikire ahedi ayatse foni.

Kodi mumafuna Patuma adzuke adzasayinenso?

Ndinapempha kuti andilole ndingomuuza mwanayo. Ati ayi, uthenga wa maliro amapereka ndi a matroni, ndipo amapereka mwana akaloledwa kutuluka, kuopa kusokoneza anzake m'kalasi. Ndinati chabwino, a matroniwo apite nafe, abwere naye okha madzulo. Ati pangano silinena zimenezo.

Ndinakhala pabenchi panja pa ofesi, ndekhandekha. Foni ikungolira, akumudzi akufunsa kuti muli pati, azimayi amaliza kusambitsa. Ndinalibe woti ndimutume, ndinalibe ngakhale woti ndilire naye. Aphunzitsi ankangodutsa ndi makapu a tiyi, maso kumbali. Belu la nkhomaliro litalira ndinamuona Hawa patali, mbale ili m'manja, akuseka ndi anzake. Ndinabisala kuseri kwa chipilala kuti asandione. Chibadwire sindinasungulumwepo chonchi.

Ahedi anayatsa foni itadutsa 1 koloko. Ndinawamva ndekha pafonipo akunena kuti, "Aa, mpatseni mwanayo, mukuchedweranji?" Basi, nkhani yonse inathera pamenepo. Pepani wa kutichedwetsako sanatuluke m'kamwa mwa aliyense.

Tinafika kumudzi azibambo atanyamula kale jeneza, chithatha cha maliro, kupita kumanda. A shehe anayesetsa kutidikira, sindingawaimbe mlandu, kutentha kwa kuno mukukudziwa. Hawa analowa m'nyumba n'kupeza mphasa yokha.

Tsono eni sukulu, ndiyankheni. Panganolo analemba ndani, wosadziwa kuti kholo limamwalira? Ahedi akachoka, palibe wotsala amene angaganize yekha? Kuteteza ana kwa anthu osadziwika ndikukumvetsa. Koma ine, amene mumadya nsomba zanga, simundidziwa?

Makolo anzanga, pitani mukawerenge zimene munasayina. Lembetsani malume, lembetsani azakhali mudakali moyo, ndipo afunseni a sukulu akuuzeni poyera amene amalamula ahedi akachokapo.

Dzulo Hawa anandifunsa, "Amalume, inu munawaona amayi? Nkhope yawo inali bwanji?"

Ndiuzeni chomuyankha. Inenso sindinawaone. Ndinali pabenchi panu.