Munthu wa Sutukesi pa Tsamba la Seveni

Kabuku kake kanali kopyapyala, masamba osakwana makumi atatu, ndipo kankanunkhira sopo chifukwa kankagona m'katoni ya sopo pamodzi ndi tinzake, pansi pa tebulo la aphunzitsi. Timabukuto tinafika pasukulu pathu ku Zemba chaka chimene ndinali giredi faifi. Kalikonse kankafotokoza chinthu chimodzi m'Chizungu chofewa, ndi zithunzi: kena magitala ndi oimba a tsitsi lalitali, kena mpira, kena mafilimu a karate, tina nkhani za mowa, matenda ndi mabanja. Lachisanu lililonse aphunzitsi ankatibwereka kamodzikamodzi.

Ine mtima wanga wonse unali pa ka magitala. Koma itakwana nthawi yanga, aphunzitsi anapisa pansi pa katoni n'kutulutsa ka chikuto chotuwa, kojambulidwa nyumba ndi anthu atatu. Anati nditenge ameneko. Sabata yotsatira, komweko. Yachitatu, komwekonso. Ndinatsimikiza kuti munthu ameneyu amadana nane, ndipo ndinasiya kuwafufutira bolodi.

Inali nyengo yotola thonje, mwera ukuomba, miyendo yathu ili mbuu. Atate anali atachoka chimanga chitangolowa m'nkhokwe. Anamangirira sutukesi yabuluu pa njinga n'kundiuza kuti akukafuna ntchito ku Chipata. Zoona zake zinali zoti banja linali litatha. Ankhoswe anali atakhala pansi, amalume ali pomwepo, ndipo atate, pokhala mkamwini pamudzi pa amayi, anachoka ndi zimene anabwera nazo. Mudzi wonse unkadziwa, ndi atsikana anzanga omwe. Wosadziwa ndinali ine ndekha, amene Loweruka lililonse ndinkakwera pachulu kukayang'ana njira yochokera kuboma.

Tsiku lina masana tikuswa nsawa pakhonde, amayi anandiuza kuti ndiwawerengere kabukuko, ndiziwamasulira m'Chichewa. Abale inu, Chizungu changa panthawiyo chinali cha moni ndi chopemphera kupita kuchimbudzi basi. Koma ndani akanavomera zimenezo? Ndinkatchula mawuwo mokweza, lilime likupunthwa paliponse, kenaka n'kuyang'ana chithunzi n'kupeka tanthauzo.

Pa tsamba la seveni panali bambo ataima pakhomo, sutukesi m'manja, phazi limodzi mkati lina kunja. Mayi anali atakhala pampando, ndipo kamtsikana kanali katagwira chitseko.

"Apa abambo afika kuchokera kutauni," ndinatero mosakayika. "Mwanayu wathamanga kudzawatsegulira."

Manja a amayi anaima. Ndikukumbukira nsawa imodzi ikugubuduka kuchoka m'lichero mpaka pansi pa khonde, nkhuku n'kuitola. Amalume, amene ankamata chubu cha njinga chapafupi ndipo sukulu anafika nayo patali, anapukuta manja pa buluku, n'kutenga kabukuko. Anawerenga milomo ikugwedera, kenaka anandiyang'ana, n'kutsegula pakamwa.

"Achimwene, musiyeni awerenge," anatero amayi, chapansipansi.

Amalume anandibwezera kabukuko n'kubwerera ku chubu chawo. Anachiviika m'beseni nthawi yaitali, chonsecho pobowoka anali atapapeza kale.

Ine ndinapitiriza, mapewa m'mwamba. Pa tsamba lomaliza kamtsikana kaja kanali kakuseka ndi mayi ake, awiriwiri. Amayi anafunsa kuti nanga abambo aja ali kuti. Ndinawaseka kuti sadziwa zinthu: abambo sakuoneka chifukwa ndi amene akujambula. Amayi anaseka mpaka kupukuta maso ndi nsonga ya chitenje, ine n'kumati nthabwala yanga yawafika pamtima.

Kuyambira tsikulo, tikangoweruka kuthonje, zala zikuwawa ndi zobaya za makoko ake, amayi ankati, "Tabwereza pa sutukesi paja." Ndipo ine ndinkawonjezera mchere tsiku ndi tsiku. Lero m'sutukesimo muli nsapato za mwana, mawa muli chitenje cha mayi, mkuja muli buledi ndi shuga. Bambo uja anafika pakhomo paja kambirimbiri nyengo imeneyo, osatopa.

Lachisanu lachinayi aphunzitsi anandiitana pambali n'kundifunsa ngati ndamva zimene kabukuko kakunena. Ndinati eya, ndi nkhani ya bambo amene wabwerera kwawo. Anandiyang'ana, choko chikuzungulira m'zala zawo. Kenaka anawerama n'kundipatsa ka magitala kaja. Ndinathamanga mpaka kunyumba osaima.

Za atate ndinadzazimva mvula itagwa, pachitsime, kwa mtsikana wina amene tinakangana chifukwa cha ndowa. Anangozilavula ngati nthanga. Ndinalira, ndipo amayi ndinawakwiyira masiku ambiri.

Zina zonse anandiuza ndi amalume, ine ndili kale ndi ana anga, amayi atatisiya. Akuti amayi anapita okha kwa aphunzitsi, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, kukafunsa ngati mwa timabuku tija mulibe kamene kangauze mwana zimene pakamwa pa mayi pakukanika. Aphunzitsi anasankha kotuwa kaja, kofotokozera ana za kutha kwa banja, ndipo anawamasulira tsamba ndi tsamba. Bambo wa pa tsamba la seveni sankalowa ayi. Ankatuluka, ndipo amayi ankadziwa ndisanatsegule n'komwe kabukuko.

Lero ndikhoza kunena kuti amayi akanangondiuza, sindikanazimvera pachitsime. Koma mtima sundilola kuwaweruza, ndimangowamvera chisoni ndi kuwasowa. Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti amandibwerezetsa chifukwa Chizungu changa chinkakoma. Sindinkadziwa kuti anabwereka kabukuko kuti ine ndimve kuti atate anapita, koma masana aliwonse, lichero lili pamiyendo, ndi iwo amene ankakhala chete kumvetsera mwamuna wawo akufika.