Kansalu Komwe Kanasowa m'Fiyeta

Tsiku loyamba kulowa m'fiyeta, Esnati anatulutsidwa asanathe ndi mphindi makumi awiri zomwe.

Chinali chaka cha 1996, pa chipatala china cha mishoni ku Mambwe, m'chigwa cha Luangwa. Esnati anali atangomaliza kumene maphunziro a unamwino, ndipo anachita kupempha yekha kuti amuike m'fiyeta, chipinda chopangira opaleshoni. M'mawa umenewo anasamba m'manja mpaka m'zigongono, n'kuvala magulovu. Opaleshoni ili mkati, sizasi inapulumuka m'manja mwa a Dokotala Lubasi. Inu mukudziwa, mwana woleredwa bwino saonerera wamkulu akagwetsa chinthu. Esnati anagwada, kutola sizasi ija, n'kuipereka ndi manja awiri.

"Tuluka!" anakalipa a Sisita Mwelwa, mkulu wa fiyeta. "Muno chagwa pansi chagwa. Ulemu wako uzatiphera odwala."

Anakalirira kuseri kwa thanki ya madzi. Manyazi anamugwira kwambiri, chifukwa mayi ake, amasiye olima thonje kufupi ndi Kawaza, anali atauza kale mudzi wonse kuti mwana wawo ndi nesi wa opaleshoni.

Madzulo a Sisita anamuitana. "Ndakupatsa miyezi itatu. Ukalephera, ubwerera ku wodi, ndipo muno suzapondamonso."

Anzake anamupatsa dzina loti a Gwadani. Iye ankangomwetulira, mtima ukuwawa. Anamuika pa ntchito yotsuka zida ndi kuziphika, ndipo sananyinyirike. Chida chilichonse ankachitchula dzina akamatsuka, mpaka anazidziwa ngati ana a m'nyumba mwawo. Akaweruka ankayala masipuni pamphasa, n'kumayeserera kupatsira dokotala osayang'ana. A Sisita ankamudzudzula tsiku ndi tsiku, koma iye anadziwa kuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Lamulo limene analisunga koposa linali la tinsalu topukutira magazi. Timawerengedwa mimba isanatsegulidwe, n'kuwerengedwanso isanasokedwe. Kamodzi kakatsalira mkati, munthu amatupa mimba n'kumwalira patapita masiku.

Mu Febuluwale, kutatsala masiku anayi kuti miyezi itatu ija ikwane, kunabwera msodzi, a Jairos, atang'ambidwa pamimba ndi mvuu. Mvula inali itadula msewu wa ku Chipata, kotero kowatumiza kunalibe. Nesi amene ankapereka zida anali chigonere ndi malungo. A Sisita anayang'ana Esnati kwa kanthawi.

"Samba m'manja."

Anagwira ntchito maola atatu, thukuta lili kamukamu ndi kutentha kwa masana a kuchigwa. Esnati sanaphonye chida ngakhale chimodzi. Kenaka a Dokotala anawongola msana n'kutambasula dzanja.

"Ulusi. Titseke."

Esnati anawerenga tinsalu. Anayamba ndi khumi, koma tsopano tinali tisanu ndi tinayi. Anawerenganso, ndipo chiwerengero sichinasinthe. Anachita mantha. A Lubasi anali a msinkhu wa malemu bambo ake, ndipo chibadwire iye anali asanatsutsepo wamkulu. Akalankhula n'kupezeka kuti walakwitsa, fiyeta itsanzikana naye lero lomwe. Akakhala chete, palibe angadziwe, kupatula mimba ya a Jairos.

"A Dokotala, musatseke. Tinsalu tili naini."

"Kali m'baketi kameneko."

Mayi wothandizira anakhuthula baketi. Munalibe.

"Mtsikana iwe, munthuyu wataya magazi ambiri. Sitingachedwe chifukwa cha kusadziwa kwako kuwerenga. Bweretsa ulusi!"

Esnati anayang'ana a Sisita, n'kupeza maso awo ali pa iye. Apa anabweza ulusi uja pathebulo la zida.

"Mundikhululukire, a Dokotala. Tinali teni. Ulusi sindipereka mpaka kaoneke."

A Lubasi anamuyang'anitsitsa, n'kupumira m'mwamba. Analowetsanso dzanja m'mimba muja, kufufuza pang'onopang'ono kuseri kwa matumbo. Atatulutsa dzanja, anali atagwira kanthu kofiira, kofanana ndi chiwindi cha nkhuku. Anakatambasula. Kanali kansalu.

"Teni," anatero a Sisita motsitsa mawu.

A Dokotala anasoka mpaka kumaliza. Povula magulovu ndi pomwe anatembenukira kwa a Sisita.

"Uyu sachoka muno. Kuyambira lero sinditseka mimba ya munthu iye asananene."

Patatha masabata atatu, Esnati anaima pakhonde akuona a Jairos akukwezedwa panjinga ya mlamu wawo, ulendo wa kwawo, akudandaula kale za maukonde awo.

Inu amene mwangoyamba ntchito, ndipo tsiku loyamba lakuchititsani manyazi, musafulumire kulongedza katundu. Bwererani mawa. Phunzirani ngakhale ntchito imene ena akuinyoza, ndipo tsiku limene mudzaone cholakwika, mudzalankhule ngakhale mawu akunjenjemera. Pali munthu wina amene adzafika kwawo wamoyo chifukwa inu simunataye mtima.