Mwana wadongo amene anapirira mvula

Mboni zanga ndi zitatu ndipo zonse zili moyo: alamu anga, amene amaphunzitsa ana a mkombaphala kwathu kwa Kanduku, mayi ophika phala pasukulupo, ndi mbuzi ya abusa, ngakhale iyo siyankha mafunso.

Tsiku limenelo alamu anadzuka atasasa mawu. "Alamu, mumalongolola ulere pamsika," anandinong'oneza. "Lero kalongololereni ana."

Nditafika kusukuluko, ndinawasimbira anawo nthano ya mayi wosowa mwana amene anaumba wadongo n'kumamuchenjeza kuti azithawa mvula. Tsiku lina mvula inamupeza kutali, mwana n'kusungunuka. Nditati yathera pamenepo, ana analira. Misozi inafika m'mawondo, ndikulumbira, mayi aphala anachita kukweza nkhuni pamwala. Kamtsikana kena, kamene amayi ake anakanyengerera mwezi wathunthu kuti kayambe sukulu, kanatola kapu yake n'kulengeza kuti sikadzapondanso pamalo ophera ana.

Alamu anandiyang'ana. Mawu analibe, koma ndinamva zonse.

"Ndani wati yatha?" ndinatero. "Tiyeni kudambo!"

Tinakatapa dongo, aliyense n'kuumba mwana wake, maso a timiyala. Kamtsikana kaja kanaumba wamakutu aakulu, akuti kuti azimva mabingu msanga. Tinawayanika m'khonde. Mbuzi ija inaponda awiri, n'chifukwa chake ili pa umboni.

Atauma ndinati, "Lero tiwawotcha." Kulira kwake, madalaivala a mathiraki kuboda anazimitsa injini kuti amve kuti maliro ndi a ndani.

"Bambo inu, pakamwa panu palibe chitseko?" anatero mayi aphala.

Sindinatekeseke. Ndinakoka mtsuko wawo wa madzi n'kuuika pakati pa ana. "Uwu ndi dongo. Umakhala ndi madzi usana ndi usiku. Bwanji susungunuka? Unadutsa pamoto."

Kamtsikana kaja kanagogoda mtsukowo ndi chala, n'kundiyang'ana ngati wapolisi wapamsewu.

"Amalume, ayambe wanu."

Wanga analowadi pamakala, ana atakhala patali. Atazizira, iko kanamumiza m'ndowa, n'kumukanikiza pansi mpaka phala linapsa. Anatuluka wamoyo, wofiira ngati njerwa, wooneka bwino kuposa mwini wake. Pamenepo kanapereka wake, koma kanandilamula kuti ndimutembenuze asapse mbali imodzi.

Mvula yoyamba inabwera kuchokera ku Mozambique yopanda pasipoti, madontho ake ngati manachesi. Ana ena anathawitsira ana awo adongo m'kalasi. Kamtsikana kaja kanatenga wake n'kukamukhazika pabwalo penipeni, n'kuima pakhomo manja ali m'chiuno.

Mvula inayesetsa. Inasungunula chulu, inagwetsa khola la abusa, koma mwana uja inangomusambitsa.

M'mawa mwake kanafika koyamba, kapu kumanja, mwana kumbuyo pa kansalu, n'kuuza mayi aphala kuti lero athire makapu awiri.