Maso a Lusungu Ankaoneka Abwinobwino

Mimba inali isanakwane miyezi isanu ndi iwiri pamene msana unayamba kundiwawa ndili pa makina. Ndine telala, ndimasokera pakhonde la golosale ina ku Luwinga, ndipo msana wa telala sulephera kudandaula, choncho sindinalabadire. Pofika masana nsupa inasweka. Amuna anga, a Wongani, anathamanga nane kuchipatala chachikulu, ndipo tsiku lomwelo ndinabereka mwana wamkazi wongokwana m'manja mwa bambo ake. Tinamutcha Lusungu.

Anakhala masabata angapo kunazale, ali ndi timachubu ta mpweya m'mphuno. Ntchito yanga inali kusamba m'manja, kufinyira mkaka m'kapu, ndi kudikira pabenchi pamodzi ndi amayi anzanga. Atayamba kupuma yekha anatisamutsira kuwodi ya kangaru, komwe mwana amakhala pachifuwa pa mayi ake kuti azimva kutentha. Potitulutsa, namwino anandigwira pamkono.

"Mama, sabata yamawa mubwere naye tidzamujambule m'maso. Chonde chomene, musajombe. Matenda a maso a ana obadwa masiku osakwana saonekera kunja."

Kunyumba ku Masasa tinapeza apongozi anga atafika kale kuchokera ku Nkhata Bay. Ndisawanamizire, anandisamala. Ankachapa, ankaphika, ankandiletsa ngakhale kugwira tsache. Koma nditatchula zobwerera kuchipatala, nkhope inasintha. Inali nyengo yozizira, chifunga chikuchita kulowa pazenera, ndipo iwo ankaopa chibayo. Anamunyamula mwana n'kupita naye powala.

"Taonani maso awa, oyera mbee ngati a bambo ake. Alibe manthongo, safiira. Ngati mukukayika, finyiranimo mkaka wa m'mawere. Ana anga onse ndinalera choncho, alipo wakhungu?"

Zinandiwawa chifukwa zimene ankanenazo zinali zoona. Maso analidi okongola. A Wongani nawo, munthu wokonda mtendere, ankati inde kwa ine, inde kwa mayi awo, kenako n'kukumbukira kuti achedwa kuntchito. Ine ndine wa ku Dedza, ndinaleredwa kuti mpongozi sabwezeredwa mawu. Koma mbewa yamanyazi inafera kuuna, ndipo ndinadziwa kuti manyazi anga akhoza kumudyera mwana maso. M'mawa wa tsiku limene anatiuza ndinagwada n'kunena kuti, "Amama, tipitire limodzi. Mumuike pachifuwa panu, mumufunditse mmene mukufunira. Akakati ali bwino, ndidzakupepesani." Apongozi anaitanitsa chitenje ndi juzi.

Kuchipatala anamudonthezera mankhwala okulitsa mwana wa diso, natiuza kuti tidikire komanso kuti ndisamuyamwitse kaye. Titalowa, anamukulunga m'nsalu, n'kumutsegula zikope ndi kachitsulo kakang'ono, n'kugunditsa kamera padiso. Lusungu analira mpaka mawu kusasa. Apongozi anadzuka kuti amulande, koma namwino anawakhazika pansi mwaulemu, nati anamuthira kale mankhwala ochepetsa ululu. Inenso misozi inali m'masaya, sindibisa.

Kenako adokotala anatembenuzira kompyuta kwa ife. Ndinaona chinthu chozungulira, chofiirira, chokhala ndi timizere tofiira. Anafotokoza kuti imeneyo ndi mitsempha ya magazi ya kuseri kwa diso, pamene pamathandiza munthu kuona. Imakula mwana ali m'mimba, ndipo akabadwa msanga imatha kuima panjira, kenako n'kuyamba kumera mosalongosoka. Ya Lusungu inali yotupa, yopindikapindika, ngati ulusi ukasokonekera pansi pa nsalu pamene pamwamba msoko ukuoneka wowongoka. Ndinamvetsa nthawi yomweyo, pakuti zoterozo ndimakumana nazo pa makina.

"Tikachedwa," anatero adokotala, "mitsempha iyi ikhoza kukoka ndi kumatula mbali ya m'kati mwa diso, ndipo zikatero n'zovuta kubweza. Koma mwabwera nthawi yabwino."

Apongozi anayandikira kompyuta ija mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda. Anayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana mwana, n'kuyang'ananso chithunzi.

Zithunzizo anazitumiza kwa katswiri wa maso a ana ku Blantyre, ndipo yankho linabwera loti tipite sabata isanathe. Amene analongedza chikwama ndi apongozi omwewo, ndipo m'basi ulendo wonse uja tinkalandirana mwana pachifuwa. Kumeneko anamugoneka tulo n'kumuthandiza ndi makina a leza, ochiritsa ndi kuwala kwamphamvu, m'maso onse awiri. Zikope zinatupa masiku ochepa, ndipo tinkamudonthezera mankhwala amene anatipatsa. Titabwerera ku Mzuzu tinapitiriza kukajambulitsa, poyamba pafupipafupi, kenako patalipatali. Ulendo uliwonse mitsempha ija inkaoneka ikuphwa ndi kuwongoka, mpaka tsiku limene adokotala anati ngozi yadutsa.

Lero Lusungu ali kusukulu ya mkaka. Amavala magalasi, pakuti zakutali saziona bwino, ndipo chaka chilichonse timakapimitsa. Kupatula apo ndi mwana ngati wina aliyense, wolongolola kuposa ine.

Kwa inu amene mwana wanu anabadwa masiku osakwana, makamaka ngati anakhalapo pa mpweya, ndikuti funsani za kupimitsa maso musanatuluke m'chipatala, ndipo tsiku limene akupatsani musalidumphe. Musadikire kuti diso lifiire kapena lichite ng'ala. Mufunditseni mwanayo bwinobwino, mupite. Ngati kunyumba kuli wokana, musalimbane naye, mutengeni akadzionere yekha.

Apongozi sindinawapepese, nawonso sanandipepese, ndipo sitinaikambenso nkhaniyo. Mwezi watha anabwera kudzationa ndipo anakhala nane pakhonde ndikusoka. Iwonso ankasoka pamanja, ndipo singano yawo inagwa pansi. Anaifufuza, inenso ndinaifufuza, osaipeza. Lusungu anawerama, n'kuitola pamng'alu wa simenti, n'kuwapatsa. Iwo anaigwira singanoyo kanthawi, osayang'ana mwana koma ine.

"Yewo, mwana wanga," anatero, kundithokoza m'chilankhulo chakwawo.