Mpunga wa Mayi Guna

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinaona munthu wamkulu akuchonderera anthu kuti amudyere chakudya chake, anthuwo n'kumakana. Tinkakhala pa boma la Mangochi, m'nyumba zaboma za njerwa zofiira m'mbali mwa msewu wopita kumsika. Bambo anga anali kalaliki komanso mkulu wa mpingo. Kwathu kwenikweni ndi ku Ntcheu, ndipo ankatikumbutsa zimenezi nthawi iliyonse ife ana tikayamba kusakaniza Chiyao m'nyumba. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani, ndipo anthu akaima pamodzi n'kuyamba kuchuluka, wina ankayamba kucheukacheuka.

Kuseri kwa mpanda wathu wa nkhadze kunkakhala banja lochokera ku Sri Lanka. Bambowo anali injiniya wa zamadzi. Dzina lawo linali Gunasekara, koma anthu a pa Mangochi analibe nthawi ya dzina lalitali chotero, anangolidula n'kukhala a Guna. Ankawatcha amwenye, ngakhale kuti analibe sitolo ndipo sankapita kumzikiti. Mwana wawo wamkazi, Nimali, anali mnzanga wa ponda apa nane mpondepo. Chichewa anachitolera pa phada ndi pa fulaye, mpaka ankatukwana bwino kuposa ine. Koma mayi ake ankangodziwa "zikomo" ndi "ndili bwino", ndipo kawirikawiri tinkangowaona pawindo.

Mwezi wa Meyi utayamba, mwera ukuyamba kutizizira m'mawa, Nimali anandiitana kuti tikapange nyali. Tinkang'amba nsungwi kukhala timitengo tating'ono, kumanga ndi ulusi, kenako kumata mapepala oyera opyapyala ndi phala la ufa wa tirigu. Zala zathu zinkanata, ndipo nyerere zinkatitsata pakhonde ponse. Apo ndi pamene anandifotokozera za Vesaki, tsiku lalikulu la chipembedzo chawo cha Chibuda. Limagwa mwezi ukakhala wathunthu m'Meyi, ndipo amakumbukira zinthu zitatu pa tsiku limodzi: kubadwa kwa mphunzitsi wawo Buda, kuunikiridwa kwake, ndi imfa yake. Kwawo, anatero, anthu amavala zoyera n'kupita kukachisi ndi maluwa. Palibe wopha kanthu, ngakhale nsomba, palibenso womwa mowa. Misewu imadzaza nyali, ndipo mabanja amaimika matebulo panjira n'kumagawira chakudya aliyense wodutsa.

M'chipinda chawo chochezera munali kashelefu kokhala ndi chifaniziro cha munthu wokhala pansi atapinda miyendo. Pambali pake panali chithunzi cha mayi wachikulire wa imvi. Ndinafunsa kuti ndi ndani.

"Agogo anga," anatero Nimali. "Anamwalira m'Malichi. Uthenga unatipeza mwambo wonse utatha kale. Amayi akuti aphika pa Vesaki kuti anthu adye, ndiye zabwino za kupatsako zipite kwa agogo."

"Nanga anthu akakana?"

Anaseka. "Angakane bwanji? Kwathu amaima pamzere."

Ndinamulonjeza kuti ine ndidzakhala woyamba kudya. Za imfayo sindinauze aliyense kunyumba. Sikuti ndinkabisa ayi. M'mutu mwanga wachibwana, maliro anali kulira kwa amayi, masamba oyalidwa pamsewu, ndi nyimbo za usiku wonse. Kwa a Guna kunali zii, ndiye sindinawawerengere ngati maliro.

Chimene ndinakafotokoza patebulo chinali cha chakudya chaulere, ndipo bambo anaika supuni pansi.

"Esinati, umve bwino. Zoperekedwa kwa mafano m'banja muno sitidya. Komanso akasonkhanitsa anthu pamsewu, chilolezo atenga kwa yani? Ine ndikufuna ndidzapume pantchito ndi mtendere. Usakapondeko."

Bambo sanali munthu wankhanza. Anali munthu wamantha, monga analili anthu ambiri a m'maofesi masiku amenewo, ndipo mantha awo ankawaveka jekete la chipembedzo kuti aoneke bwino.

Tsikulo linali Loweruka. Ndinadzuka ndi fungo la mpunga wophikidwa ndi madzi a kokonati, ndipo ndinapita kukasuzumira pa mpata wa mpanda umene ine ndi Nimali tinkadutsira. Pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwenimweni mwa msewu, panali tebulo loyalidwa nsalu yoyera. Panali miphika ikuluikulu ya mpunga, ya mphodza, ya chinangwa chothira tsabola, ndi ketulo ya tiyi wa jinja. Nyali zathu zinali zitapachikidwa m'nthambi, zikugwedezeka ndi mphepo. Mayi Guna anaima atavala zoyera zokhazokha, nkhope ikuwala, ndipo anali ataloweza mawu atsopano.

"Bwerani, idyani. Ulere."

Anadutsa asodzi ochokera ku Shire, nkhafi paphewa. Anawomba m'manja mwaulemu. "Zikomo amayi, tadya kale." Anadutsa amayi osenza madengu a usipa, nawonso chimodzimodzi. Mnyamata wina wa njinga anaima n'kufunsa mtengo wa mbale imodzi, ndipo atamva kuti n'zaulere anakwera njinga yake mofulumira ngati wauzidwa kuti kuli apolisi. Ndinamva bambo wina akuuza mnzake chapansipansi, "Mwenye anayamba liti kugawa zinthu? Pali nkhani pamenepa."

Aliyense anali ndi chifukwa chake. Asilamu sankadziwa zimene zinali mumphika. Akhristu anali atamva za chifaniziro chija. Ena ankaopa kuoneka pagulu la mlendo. Koma chachikulu chinali ulemu wathu womwewu: munthu woleredwa bwino sangaime pamsewu n'kudya kwa munthu wosamudziwa, ndipo ngakhale kwa mbale wako, ukaitanidwa umayamba wakana. Mayi Guna sankadziwa zimenezi. Munthu akakana, iwo ankawerama n'kumusiya apite.

Dzuwa litafika paliwombo, mawu aja anali atachepa mphamvu. Ntchentche zinayamba kuzungulira. Mayi Guna anavundikira miphika umodziumodzi, kenako anakhala pampando n'kumangoyang'ana manja awo. Bambo Guna ankayendayenda kumbuyo kwawo osadziwa chochita. Nimali anatembenuka n'kuyang'ana pa mpata paja. Maso athu anakumana. Mtima unandipweteka kwambiri moti ndinathawira kukhitchini ndikulira.

Amayi anali akusita malaya a bambo a kutchalitchi ndi simbi ya makala.

"Wakumenya ndani?"

"Palibe amene akudya," ndinatero ndikusisima. "Ndiye agogo ake a Nimali salandira kanthu."

"Agogo ake ati?"

"Amene anamwalira aja. Amayi awo a Mayi Guna. Chakudyacho aphikira iwowo."

Amayi anaimika simbi pamwala. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti nyumba ikupsa.

"Iwe mwana iwe! Maliro anagwa kuseri kwa mpanda, ife kuno n'kumaseka, kumatsegula wailesi, nthawi yonseyi? Mayi wa mwini akulira yekha? Manyazi anga ine!"

Anamanga chitenje ndi duku, malaya aja atawasiya dzanja limodzi losasita. Bambo anali pakhonde ndi nyuzipepala.

"Amake Esinati, ulendo wa kuti?"

"Kumaliro."

"Maliro a ndani?"

Amayi anawafotokozera mwachidule. Bambo anayamba kunena za mafano, koma amayi anawadula, zimene sindinaonepo chiyambire.

"Abambo, buku lanu lija limati tilire ndi olira. Kapena linati olira a mpingo wathu okha?"

Amayi sanapite molunjika kwa a Guna. Anayamba athamangira pamphambano kwa Abiti Salimu, mayi wachisilamu wogulitsa zitumbuwa, amene sankaphonya maliro aliwonse m'dera lathu, kaya a Msilamu kaya a Mkhristu. Ine ndinali pambuyo pawo, poti palibe anakumbukira kundibweza. Abiti Salimu atamva anamenya m'manja kamodzi.

"Sadaka imeneyo! Munthu waphikira amake sadaka, ife n'kumadutsa ngati mbuzi? Nanga osanena bwanji?"

Kwa anzathu a Chiyao, sadaka ndi chakudya chophikira kukumbukira womwalira, ndipo kuikana ndi kunyoza wakufayo. Abiti Salimu anavundikira beseni lawo n'kuyamba kuitana amayi anzawo m'Chiyao, mawu awo akumveka mpaka kumsika.

Chimene chinadabwitsa Mayi Guna n'chakuti amayi aja sanaime patebulo. Analidutsa, anavula mapatapata, n'kukakhala pansi pakhonde atatambasula miyendo, mitu ili pansi. Kenako amayi anga anakwawa n'kukagwada pafupi ndi mpando.

"Pepani, anzathu. Pepani. Sitinadziwe."

Nimali anamasulira m'chilankhulo chawo. Mayi Guna anayang'ana amayi anga, anayang'ana gulu lija. Kenako analira. Analira mokweza, monga amalirira aliyense amene wataya mayi wake, ndipo amayi anga anawagwira mapewa, zovala zoyera zija zikudetsedwa ndi makala a m'manja mwawo. Amayi ena analira nawo, aliyense akukumbukira ake. Nimali anadzandiuza pambuyo pake kuti chibwerere uthenga uja, mayi ake anali asanalirepo pamaso pa munthu.

Misozi itaphwa, Abiti Salimu anadzuka n'kupita patebulo. Anavundukula miphika yonse, anafunsa ngati muli nyama, ndipo atamva kuti mulibe ngakhale kausipa anaseka. "Pa Mangochi pano sadaka yopanda nsomba! Chabwino, Bisimila." Anatambasula manja awiri.

Mayi Guna anawapakulira, anawerama, n'kunena "zikomo" Abiti asanatsegule pakamwa. Abiti anati woyenera kuthokoza ndi wolandira. Mayi Guna anabwerezanso. Anakankhirana zikomo mpaka anthu onse anaseka. Zinali choncho kwa aliyense: wopatsayo ndiye ankathokoza, chifukwa kwa iwo wolandira ndi amene wakuchitira chifundo.

Uthenga unathamanga. Asodzi aja anabwerera, mnyamata wa njinga nayenso. Mayi wina anabwera ndi thadzi la chipepeso lomangidwa miyendo, ndipo mwamuna wake anali atayamba kale kufunsa mpeni. Mayi Guna anathamanga, analilanda, n'kulimasula ndi manja awo. Thadzi limenelo linakalamba pa Mangochi, palibe analimba mtima kulipha.

Anyamata awiri a chipani ovala malaya ofiira anafika, monga tinkayembekezera. Phokoso linatsika.

"Msonkhano wa ndani uno?"

"Sadaka ya amayi awo a mayiwa," anayankha Abiti Salimu, osasiya kutafuna. "Khalani pansi mudye, ana inu."

Anayang'anana, anavula zipewa, n'kukhala pansi. Ngakhale masiku amenewo, maliro sankafunsidwa chilolezo.

Bambo anafika omaliza, atavala jekete. Anagwira dzanja la Bambo Guna n'kupepesa m'Chingerezi cha kuofesi. M'nyumba sanalowe, mpunga sanaukhudze. Koma Mayi Guna atawabweretsera kapu ya tiyi, anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anailandira ndi manja awiri n'kumwa yonse. Atandiona ndikuwayang'anitsitsa, anangondilozera tebulo ndi chibwano. Ine amene ndinalonjeza kukhala woyamba ndinapeza nkhoko zokha pansi pa mphika. Nimali anandikokotera, ndipo tsabola wake anandiliza kachiwiri tsiku limenelo.

Miphika itauma, Mayi Guna anatulutsa jagi ya madzi ndi kapu yoikidwa m'mbale. Banja lonse linagwira jagiyo pamodzi, n'kumathira pang'onopang'ono akuimba mawu otsika, mpaka kapu inadzaza, madzi n'kusefukira m'mbale. Nimali anandinong'oneza kuti umo ndi mmene zabwino za tsikulo zikusefukira kwa agogo ake. Abiti Salimu, amene anakhala pafupi nane, anandigwira bondo.

"Waona, mwanache? Mayiyu anasenza katundu kuyambira m'mawa, wosowa womutula. Dzanja lolandira nalonso limagwira ntchito."

Mdima utayamba tinayatsa makandulo m'nyali zija, mwezi wathunthu ukutuluka kuseri kwa mapiri a kum'mawa. Imodzi inapsa ndi mphepo, ana tonse tinakuwa ndi chimwemwe. Kuyambira sabata imeneyo Mayi Guna anayamba kutuluka. Ankapita kumsika ndi amayi anga, ndipo pamaliro a m'dera lathu ankakhala pakati pa amayi ena, akusadzula masamba.

A Guna anabwerera kwawo ndili ku sekondale, ndipo sindinamvenso za Nimali. Za Chibuda sindidziwa zambiri kuposa zimene ndinaona tsiku limenelo, ndipo ndikadali Mkhristu wa mpingo wa bambo anga. Koma amayi anga atamwalira, ndinali ndikukhala mumzinda, m'nyumba ya mpanda wa njerwa, pakati pa anthu amene sindinkawadziwa maina. Nditabwerako koika maliro ku Ntcheu, ndinapezeka ndaphika mphika waukulu wa mpunga popanda chifukwa, ndili chiimire n'kumayang'ana kugeti. Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa zimene Mayi Guna ankapempha pansi pa mango paja. Mnzanga wina wa kuntchito anagogoda, ndipo nditamupakulira sanakane. Ndinamuthokoza iye asanatsegule pakamwa.

Tinaphunzitsidwa kuti kukana ndi ulemu, ndipo nthawi zambiri ndi ulemudi. Koma sudziwa chimene munthu wasenza pamene akukutambasulira mbale. Masiku ano munthu akandiitanira chakudya, kaya ndi wa chipembedzo chanji, kaya ndakhuta chotani, ndimapempha madzi n'kusamba m'manja.