Moni wa Mayi Eufemia Tarango

Mayi Eufemia Tarango amaweta mbuzi ndi kupanga tchizi kuno kwathu, m'mbali mwa mtsinje wa Bravo, womwe ndi malire a dziko lathu. Ana awo onse anadutsa m'kalasi mwanga. Chitsime chawo ndicho chimamwetsa theka la mudzi, ndi sukulu yomwe.

Kampani ina itafuna kukwirira zinyalala zapoizoni za nyukiliya kutsidya, ku Texas, kumtunda kwa madzi athu, boma lathu linadandaula kuti pangano la m'malire likuphwanyidwa. Unakhala mlandu wa mayiko awiri, koma za chitsime panalibe wotchula. Oweruza akutsidya atalola kuti nafenso tikalankhule, Mayi Eufemia anavala diresi lawo la kutchalitchi n'kukwera basi.

Aliyense ankapatsidwa kanthawi kochepa. Nyale yofiira ikayaka, ukhale pansi. Koma kwathu munthu sayamba nkhani asanapereke moni. Iwo anapereka moni kwa oweruza mmodzimmodzi, anafunsa za kunyumba, anathokoza womasulira, anapepesanso za fumbi la kunsapato. Atangoti, "Tsono chitsime changa," nyale inayaka.

Pobwerera, mlongo wawo wamng'ono, Nicanor, sanawasiye. "Achemwali, ulendo wonsewu kudzangofunsa ngati azungu adzuka bwino? Komatu mlonda wapakhomo uja mwamuiwala!"

"Khala chete iwe, unabwera kudzadya zaulere." Kenako anatembenukira kwa ine. "Aphunzitsi, mundiphunzitse mwano."

Tinkayeserera kukhola iwo akukama, mbuzi zili oweruza. Zinali zovuta. Akangotsegula pakamwa moni unkatuluka wokha, ine n'kuwabweza monga ndimachitira ndi mwana wolakwa masamu. Sanatope.

Msonkhano wachiwiri unali kutali, ku likulu la Texas. Dzina lawo litaitanidwa anaimirira n'kuyamba pomwepo: "Chitsime changa chimamwetsa ana a sukulu. Madzi ake amachokera kwanu kuno. Ndani anabwera kudzachiona? Palibe. Mubwere kaye, ndiye muweruze."

Mawuwo analembedwa onse, nyale isanayake. Oweruza analamula kuti zitsime za tsidya lathu ziyesedwe asanagamule chilichonse, ndipo oyesa madziwo anayambira pa cha Mayi Eufemia.

Mlandu ukadali m'khoti. Amayi ena a m'mudzimu akuti nawonso akalankhula ulendo ukubwerawu, ndipo amasonkhana kukhola komwe kuja. Tsopano wowabweza ndi Mayi Eufemia.