Masiku Asanu ndi Limodzi a Mayi Fainala

Abambo mfumu andipempha kuti ndilembe za moyo wa mayi Fainala Chadzala, amene tinawaika m'manda mwezi wathawu. Ine ndine Enelesi, mwana wawo wotsiriza. Ndalemba, koma pa ana onse ine ndiye wosayenera.

Anabadwira kwa Njombwa mu 1946, sukulu analekezera sitandade 2, nakwatiwira ku Santhe. Bambo atamwalira, anatilera ndi fodya. Pa chigafa panalibe wowaposa posankha masamba: amangoyang'ana tsamba padzuwa, n'kuliika pa mulu wake. Zaka makumi atatu anasesa tchalitchi chathu ndi kuchapa nsalu za paguwa. Makuponi atabwera, thumba lawo la feteleza ankaligawa pakati ndi mayi Ezelina, amasiye amene dzina lawo linkaphonyedwa chaka ndi chaka. Tikadandaula ankangoti chimanga cha mnzako chikachita chikasu, chako sichikoma.

Anali ndi mwambo wawo. Mwana wawo akamalemba mayeso, iwo sankadya kanthu, madzi okha, atagwira kolona, mpaka mwanayo abwere anene kuti wamaliza. Ku pulayimale ndi ku sekondale zinkatha masana. Tinkawaseka kuti akulemba nawo.

Sukulu inanditengera ku South Africa, kumene ndimafufuza chikatikati cha atomu, kanthu kochepetsetsa kosaoneka ndi maso. Timakawomba ndi makina kuti kazungulire kwambiri ngati nguli. Pamene kakuchepetsa liwiro kamatulutsa cheza chotchedwa gama, ndipo ife timasanja chezacho malinga ndi mphamvu zake kuti tidziwe mmene kanthuko kanaumbidwira. Nditawafotokozera amayi, anaseka.

"Ndiye sukulu yonseyi ukungosankha fodya basi?"

Makinawo amafunidwa ndi anthu ambiri. Ndinadikira zaka ziwiri kuti gulu lathu lipatsidwe masiku asanu ndi limodzi, ndipo digiri yanga inadalira masiku amenewo. Ndinaimba foni kwa achimwene anga, a Benjamin, kuti ndilankhule ndi amayi. Ndinawauza amayiwo kuti awa ndiwo mayeso aakulu kuposa onse, kuti makina sazima usana ndi usiku mpaka Loweruka, ndipo andipempherere. Ndinawamva akutsokomola. Ndinafunsa kamodzi, anati ndi fumbi la fodya, ine n'kuvomera msanga chifukwa ndi zimene ndinkafuna kumva. Mwambo wawo ndinkaudziwa. Sindinganame kuti ndinaiwala. Ndinkafuna pemphero lawo, ndipo sindinaganize za mimba yawo.

Lachitatu a Benjamin anaimba. Anati amayi sanadye chiyambire Lolemba, thupi latentha, ndipo akukana kupita kuchipatala poti kumeneko akawakakamiza kudya. Anandipempha kuti ndiwauze ndekha kuti ndamaliza. Nthawi imeneyo cheza chimene tinkachisaka chinali chitangoyamba kuoneka pa kompyuta, anzanga akundikodola. Ndinati ndiimbanso. Foni saloledwa m'chipinda choyezeramo, ndinaisiya m'chikwama, ndipo ndinaikumbukira Lachisanu.

Azimayi a mumphakati anayesa kuwanyengerera amayi kuti adye, katekisiti naye anawauza kuti Mulungu safuna nsembe yotere kwa wodwala. Iwo ankayankha mofatsa kuti mwana ali yekha kudziko la eni, sangamusiye pakati pa njira. Lachinayi masana, a Benjamin, munthu amene sananamizepo mayi ake, anagwada pa mphasa n'kunena kuti Enelesi waimba, wamaliza, wakhoza.

Amayi akuti anamwetulira, anachita chizindikiro cha mtanda, n'kupempha phala. Anamwa masipuni atatu. Analola kuti awatengere kuchipatala, koma chibayo chinali chitakula. Analandira mafuta a odwala, ndipo Lachisanu mmawa anagona mwamtendere, kolona ili m'manja.

Akhristu anzanga, tengerani kwa iwo kukhulupirika: sanalonjeze kanthu kwa Mulungu n'kukasiya pakati. Mukamawapempherera, mupemphererenso a Benjamin, amene mpaka lero akuvutika ndi bodza lija, ngakhale linali loti ndinene ndine. Mawu otsiriza amene amayi anawauza a Benjamin anali uthenga wopita kwa ine.

"Ukamuuze adye tsopano. Iye uja akatanganidwa amaiwala."